Zaka 9 ndikuuza anthu inde kapena ayi

Mng'ono wanga anandiimbira foni Lachitatu usiku, mawu ali m'mwamba ndi chisangalalo. "Achemwali, andiitana ku intavyu ku kampani ya inshuwalansi. Inu mwakhalako nthawi yaitali, tandiuzani zoona, kuli bwino?" Ine ndinali nditangolowa m'nyumba, nsapato ndisanavule, mtima udakali pa mayi wina amene masana a tsiku limenelo ndinawauza kuti sitiwalipira ndalama zonse zimene ankayembekezera. Ndikanangotsata mmene ndinkamvera, ndikanati thawa. Akanaimba Lachisanu la sabata yapitayo, tsiku limene tinatumiza ndalama kwa bambo wina amene kafakitale kake ka matabwa kanapsa, ndikanati thamanga asakulande. Ndiye ndinangomufunsa kuti, "Akukufuna ku dipatimenti iti?" Anakhala chete. Iye ankayesa kuti inshuwalansi ndi ntchito imodzi.

Ine ndakhala pa desiki ya ma claim zaka 9. Munthu galimoto yake ikagundidwa, nyumba ikapsa, katundu akabedwa, fayilo yake imafika pamaso panga, ndipo ndimayang'ana ngati zimene zamugwerazo zili m'gulu la zimene tinamulonjeza. Kampani yathu sigulitsa chinthu choti munthu n'kuchigwira m'manja. Wogula njinga amaikwera tsiku lomwelo n'kudziwa ngati amupusitsa. Wogula policy, mgwirizano wa inshuwalansi, amabwerera kwawo ndi pepala, ndipo atha kulipira premium, ndalama zolipirira chitetezocho, zaka 10 osadziwa ngati anagula chinthu cha nzeru. Amadzadziwa pa tsiku la tsoka. Tsiku limenelo amene anamugulitsa uja nthawi zambiri sakhalapo, mwina anasiya ntchito kalekale. Amene amapezeka pafoni ndine.

N'chifukwa chake mukafunsa anthu anayi a kampani imodzi kuti ntchito ikuyenda bwanji, mumva ngati amagwira m'mayiko anayi osiyana.

Pansanjika ya pamwamba pathu pali abambo ena achikulire a ku underwriting, amene ntchito yawo ndi kuvomera kapena kukana kuteteza chinthu, ndi kuika mtengo wake. Munthu aliyense watsopano sapulumuka nkhani yawo ya Lloyd's, msika wotchuka wa inshuwalansi: kuti cha m'ma 1688 ku London kunali nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd, kumene eni sitima ndi amalonda ankakumana, ndipo munthu wofuna kusenza gawo la ngozi ya ulendo wa sitima ankalemba dzina lake pansi pa pepala lofotokoza ulendowo. Dzina la ntchito yawo linachokera pamenepo, pa kulemba pansi. Ine ndaimva nkhaniyi kasanu ndi kawiri ndipo sasintha ngakhale liwu limodzi. Abambowa ntchito yawo amaikonda zenizeni. Amati palibe ntchito ina imene ikanawalowetsa m'malo ambiri chonchi: lero akuyendera mosungira penti kuona ngati mawaya a magetsi ali bwino, mawa akuwerenga mmene kampani ya malole imasankhira madalaivala, mkuja akuphunzira za makina a m'chipatala. Amaweruka nthawi yake, kumapeto kwa sabata foni siilira. Chimene chimawawawa ndi chakuti akakana bizinesi yoopsa palibe amawathokoza, chifukwa moto umene sunatigwere suoneka m'mabuku. Amene amaonekera ndi a zamalonda, akubwera pakhomo pawo n'kumati, "Bwana, tsitsaniko pang'ono, kasitomala ameneyu atithawa." Akatsitsa, kulakwa kwawo kumadzadziwika patapita zaka zitatu, ma claim atayamba kuwunjikana pa desiki yanga.

Pakona pali mtsikana wa masamu, actuary wathu, amene amalandira ndalama zambiri kuposa tonse a msinkhu wake, ndipo sitimuchitira nsanje chifukwa tinaona mmene anazipezera. Zaka zambiri ankaweruka n'kukakhala pa mabuku mpaka usiku, mayeso ena n'kulephera, n'kubwereza. Iye ndiye anandiuza kuti Edmond Halley, yemwe uja dzina lake linaperekedwa ku nyenyezi ya mchira, mu 1693 anatenga kaundula wa obadwa ndi omwalira wa mzinda wa Breslau n'kuwerengera kuti mwa anthu a msinkhu wakutiwakuti ndi angati amafika chaka chotsatira. Munthu mmodzi sungadziwe tsiku lake, koma anthu masauzande ambiri amamwalira mwadongosolo lodabwitsa, ndipo inshuwalansi ya moyo yonse inaima pamenepo. Dandaulo lake ndi limodzi: iye ndiye amanena kuchuluka kwa ndalama zoti kampani isunge pambali kudikira ma claim amene sanafike, ndipo akanena nambala yaikulu phindu la chaka limachepa, mabwana n'kumamuyang'ana ngati wawabera. Pamene malamulo atsopano a kalembedwe ka mabuku a ndalama, IFRS 17, ankayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2023, iye ndi a ku akaunti anakhala miyezi akutuluka mu ofesi mlonda atatseka kale geti lalikulu.

Maejenti ndiye nkhani ina. Ndimawakwiyira kawirikawiri, koma ndimawamveranso chisoni. Ambiri salandira malipiro okhazikika, amadalira komishoni. Mnyamata wina amene tinayamba naye chaka chimodzi ankati ufulu wake sangausinthanitse ndi desiki yanga: palibe womuwerengera maola, mwezi wabwino amapeza kuposa bwana wanga. Koma mwezi woipa sapeza kanthu, ndipo pa inshuwalansi ya moyo kasitomala akasiya kulipira policy isanakhalitse, kampani imatenganso komishoni ija kuchokera pa zimene ejentiyo wapeza mwezi wotsatira. Anayamba n'kugulitsa kwa achibale, kenako kwa anzake a kusukulu, kenako anthu anayamba kusayankha foni yake. Mwa amene tinaphunzitsidwa nawo limodzi sabata yoyamba ija, otsala ndingawawerenge ndi dzanja limodzi. Munthu amene tageti yamupanikiza, mwezi ukutha, lendi ikudikira, sakhala pansi ndi kasitomala kumufotokozera tsamba lachinayi pomwe palembedwa zinthu zimene policy siteteza. Amangoti, "Musadandaule mayi, zonse zili momwemo."

Mawu amenewo, akuti zonse zili momwemo, ndi amene amandipeza ine.

Mayi a Lachitatu aja anali ndi sitolo ya nsalu. Madzi analowa usiku chifukwa paipi ya m'chipinda cha pamwamba inaphulika, ndipo pafupifupi theka la katundu linawonongeka. Policy yawo inali yamoyo, premium sanaphonyepo ngakhale mwezi umodzi. Vuto linali lakuti mtengo wa katundu umene analembetsa unali wa zaka zinayi zapitazo, pamene sitolo inali yaing'ono. Woyesa zowonongeka atawerengera anapeza kuti analembetsa magawo 60 okha pa magawo 100 a katundu amene analidi m'sitolomo. M'ma policy ambiri a katundu muli ndime imene timaitchula kuti average: ngati unateteza magawo 60 pa 100, ndiye kuti magawo 40 otsalawo unadziteteza wekha, choncho pa chilichonse chowonongeka kampani ilipira magawo 60 okha. Kenako n'kuchotsaponso excess, kandalama koyamba kamene mwini amasenza yekha. Mwa masamu palibe cholakwika. Anzawo amene analembetsa mtengo wonse analipira premium yokwera, ndipo sichingakhale chilungamo kuti onse alandire mofanana. Ndimadziwa kuifotokoza ndime imeneyi ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Koma mayiwo anandimvetsera mpaka kumapeto, osakweza mawu, kenako anati, "Mwanangu, bwanji sanandiuze?" Ndinalibe yankho loti n'kuwapatsa. Ndikanakonda akanandilalatira.

Olalata alipo ambiri, ndipo amenewo ndinawazolowera. Ndatchedwapo wakuba, mfiti, wopanda mtima. Paukwati wa mnzanga munthu wina atamva kumene ndimagwira anaseka n'kunena kuti, "Inu ndinu aja olandira ndi manja awiri n'kupereka ndi chala chimodzi." Tebulo lonse linaseka, nanenso ndinaseka. Chimene sindinanene n'chakuti mwa mafayilo amene amadutsa pa desiki yanga, ochuluka kwambiri timalipira popanda mkangano uliwonse. Kungoti munthu amene walipidwa bwino sauza aliyense, pamene amene wakanidwa amauza aliyense wokumana naye mpaka chaka chithe.

Choipa chenicheni cha ntchitoyi, chimene sindinachiyembekezere, ndi zimene yachita ndi maso anga. Anthu amanama. Si onse, si ambiri, koma okwanira kukusintha. Ndinaonapo lisiti ya wailesi ya kanema yolembedwa tsiku limene sitoloyo inali isanatsegulidwe n'komwe. Ndinaonapo galimoto imodzi, chibowo chomwecho pachitseko chomwecho, ikubwera kawiri pansi pa mayina awiri. Ndinaonapo munthu akugula policy Lolemba, ngozi n'kuchitika Lachinayi, koma dzimbiri la pamalo ogundidwawo likuonetsa kuti papita miyezi. Ukaona zoterezi kangapo umayamba kumva nkhani iliyonse ndi khutu lofufuza. Tsiku lina mwamuna wanga ankandifotokozera mmene anatayira foni, ndipo ndinadzimva ndikufunsa kuti, "Nthawi yanji kwenikweni? Analipo wina amene anaona?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kodi ndadzaza fomu?" Tinaseka, koma usiku umenewo sindinagone msanga. Munthu wolira pamaso pako, iwe n'kumayang'ana ngati misozi yake ikugwirizana ndi deti la pa lipoti la apolisi, si chinthu chimene ndinkafuna kudzakhala.

Pamaphunziro amatiuza kuti mgwirizano wa inshuwalansi umaima pa kukhulupirika kwa mbali zonse ziwiri, mfundo imene woweruza Lord Mansfield anaikhazikitsa pa mlandu wa Carter ndi Boehm mu 1766: wofuna kutetezedwa ndiye amadziwa zambiri za chinthu chake, choncho asabise kanthu, ndipo kampani nayonso isabise. Amatiuzanso za Cuthbert Heath wa ku Lloyd's, amene chivomezi ndi moto zitawononga San Francisco mu 1906 analamula womuimira kumeneko kuti alipire makasitomala ake onse mokwanira, osayang'ana zimene ma policy awo ankanena. Nkhani imeneyi mabwana amaikonda kwambiri pamisonkhano. Ine ndikaimva ndimakumbukira kuti pali malire a ndalama zimene ndingavomereze ndekha, ndipo zikapitirira pamenepo pamafunika siginecha ziwiri, zikapitiriranso pamafunika komiti imene imakumana kamodzi pa sabata. Heath ankalipira ndalama za iye ndi anzake. Ine ndimalipira ndalama za anthu ena onse amene anasonkha m'thumba limodzi, ndipo ambiri mwa iwo sadzabwera n'komwe kudzapempha kanthu.

Ndinene chilungamo pa nkhani imene anthu amandifunsa mobisa: pa zaka 9 palibe bwana amene anandiuzapo kuti ndikane claim yoyenera kulipidwa. Palibe. Koma miyezi itatu iliyonse timasonkhana n'kuonetsedwa nambala imodzi, combined ratio. Pa ndalama 100 zilizonse za premium, zingati zapita ku ma claim ndi ku zoyendetsera kampani? Zikakhala 96, nkhope zimawala. Zikakhala 104, ndiye kuti pa ntchito yeniyeni ya inshuwalansi taluza, ndipo tikudalira phindu la kumene kampani inaika ndalama zija podikira kuti zidzafunike. Bonasi yathu imayenda ndi nambala imeneyi. Palibe amene amanena kanthu, koma aliyense amadziwa mbali imene mphepo ikuwombera, ndipo fayilo imene ili pakatikati, yoti ungaiwerenge uku kapena uku, umaigwira ukudziwa zimenezo. Ndipo makampani nawonso amalakwitsa powerenga mawu awo omwe. Nthawi ya Covid-19 ku Britain makampani angapo anakana kulipira mabizinesi amene anatsekedwa, nkhani inafika ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, ndipo mu Januwale 2021 oweruza anagamula mokomera makasitomala pa mfundo zambiri. Tsiku limene tinamva zimenezi mu ofesi mwathu munali phee, aliyense akuganiza za makalata amene anasainapo.

Nanga n'chifukwa chiyani ndidakalipo? Choyamba n'chosasangalatsa kumva koma n'choona: malipiro anga sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Anzanga amene anapita ku makampani ooneka amoyo, a maofesi okongola, ena asintha ntchito kanayi, osati mwa kufuna kwawo. Inshuwalansi ndi bizinesi yoyenda pang'onopang'ono. M'mayiko ambiri lamulo limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena pamsewu, mabanki sabwereketsa ndalama za nyumba yopanda inshuwalansi, choncho ngakhale chuma chivute premium imabwerabe. Boma limayang'anira kuti kampani ikhale ndi ndalama zokwanira kulipira malonjezo ake. Ndipo ifenso tili ndi otiteteza: gawo la ngozi zazikulu timalipereka kwa makampani a reinsurance, ena akale kwambiri ngati Swiss Re ya 1863 ndi Munich Re ya 1880. Sikuti kampani ya inshuwalansi siingagwe. Mphepo ya mkuntho ya Andrew itawomba ku Florida mu 1992 makampani angapo anagwa. Koma si kawirikawiri. Penshoni ilipo, chithandizo cha kuchipatala chilipo, ndipo kampani inandilipirira mayeso a Chartered Insurance Institute, n'kundipatsanso masiku owerengera. Pepala limenelo ndingapite nalo ku kampani ina iliyonse, ngakhale kunja.

Kudekha komweko ndi kumene kumatopetsa ena. Walira mvula walira matope. Mipando ya pamwamba ndi yochepa ndipo okhalapo sachoka msanga. Kusintha chiganizo chimodzi pa fomu kumafuna misonkhano itatu. Pulogalamu ya pakompyuta imene timagwiritsa ntchito ndi yakale kuposa ena mwa ogwira ntchito, ndipo ikaima tonse timangokhala manja lende. Achinyamata anzeru amene amabwera ndi maganizo atsopano, pakatha zaka ziwiri amakhala atachoka kapena atasiya kulankhula. Chodabwitsa n'chakuti kumene kampani yafulumira ndi kumene kukutidetsa nkhawa: ma claim ang'onoang'ono, monga galasi la galimoto losweka, tsopano kasitomala amangotumiza chithunzi pafoni, makina n'kuvomereza okha. Pa desiki yathu tinalipo 7, tatsala 5, ndipo awiri anachokawo sanalowedwe m'malo. Zosavuta zapita ku makina. Zotsalira ife ndi zovuta zokhazokha, za mikangano ndi misozi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kukagwa chimvula chowononga kapena moto waukulu, tchuthi chimaimitsidwa, mafoni amalira onse nthawi imodzi, ndipo aliyense woimba amakhulupirira kuti fayilo yake ndiyo yokhayo.

Koma pali chachiwiri, chimene ndimavutika kuchifotokoza osaoneka ngati ndikutsatsa malonda. Bambo wa fakitale ya matabwa uja anafika pa ofesi patapita masiku awiri moto utazima, malaya akununkhabe utsi. Anali ndi antchito 14. Sanafunse za makina, anafunsa kuti awauze chiyani anthu akewo. Mwamwayi broker wake, mkhalapakati amene anamupezera policy, anali munthu wosamala, anamulembetsa mtengo woyenera, n'kumuwonjezera chitetezo cha phindu lotayika pa nthawi imene bizinesi yaima. Ndinathamanga ndi fayilo imeneyo ngati yanga. Ndinakakamira woyesa zowonongeka kuti apite tsiku lomwelo, ndinapempha kuti tipereke gawo lina la ndalama msanga kuwerengera kusanathe, ndinadikira bwana pakhomo pa chipinda cha msonkhano ndi cholembera m'manja. Ndalama zitalowa anandiimbira. Sananene zambiri, anangoti, "Mayi, anyamata aja ndawauza kuti Lolemba abwere." Ndinapita ku bafa kukapukuta m'maso kuti anzanga asandione. Ntchito zambiri munthu umagwira osaona kumene thukuta lako lathera. Ine ndimakuona, mbali zonse ziwiri.

Zonsezi sindinamuuze mng'ono wanga usiku umenewo, foni ikanatha moto. Ndinangomuuza kuti akafunse ngati pali malipiro okhazikika kapena ndi komishoni yokha, ndiponso ngati adzamulipirira mayeso. Ndinamuuzanso kuti akamufunsa chifukwa chimene akufunira ntchitoyo asanene kuti amakonda kuthandiza anthu, chifukwa onse amatero, ndipo amene amakhulupiriradi zimenezo ndi amene amalira m'bafa mwezi woyamba. Iye anati, "Ngati inuyo?" Ndinamuuza kuti agone.

Anamutenga ku underwriting, ngati kalaliki wothandiza. Ayamba mwezi wamawa, ku kampani ina osati yathu, choncho nkhani ya Edward Lloyd akaimva kwa munthu wina. Ndamupatsa buku langa lakale la mayeso oyamba, lodzaza ndi zolemba zanga za pensulo m'mphepete, ndipo pa tsamba la average ndapindapo kona.

Fayilo ya mayi a nsalu ija sindinaitseke. Ndinafufuza m'makalata akale n'kupeza kuti pa zaka zinayi zonsezo palibe kalata ngakhale imodzi yochokera kwa ife yowakumbutsa kuti aonenso mtengo wa katundu wawo. Chaka chilichonse tinkangowatumizira pepala loti alipire. Ndalemba kalata kwa abwana kupempha kuti tiwaonjezereko kena kake mwa chifundo chabe, chimene timachitchula kuti ex gratia, ngakhale policy siitikakamiza kutero. Ndinalemba kawiri, koyamba ndinang'amba chifukwa munali ukali wambiri. Komiti ikumana Lachinayi. Mayiwo aimba kale kawiri, ndipo ulendo uliwonse amayamba ndi kundifunsa ngati ndadzuka bwino.